Kusintha pulatifomu yakumbuyo kwa boti ikatha

Chaka china m'mwezi wa Seputembala, boti lina linakocheza pagombe pathu ku Chembe likuchokera ku Thumbi, komwe linapita ndi alendo okaona mbuna. Woyendetsa wake, mnyamata wodziwa nyanja bwino, anandiitana nkhope ili yakugwa. Anati mlendo wina wathupi ndithu atagwira makwerero kuti atuluke m'madzi, pulatifomu yonse inawerama ngati chitseko chothothoka. Munthuyo sanavulale, koma pulopela inali pafupi ndi mwendo wake, ndipo chinamupulumutsa n'chakuti injini inali yozimitsa. Nditagwada kumbuyo kwa botilo ndinakoka bawuti limodzi ndi zala zokha, lomwelo n'kutuluka. M'bowo mwake munatsika timadzi tofiirira ngati tiyi, tonunkha chitsa chowola. Mwini boti anali atasinthitsa matabwa a pulatifomuyo chaka chomwecho, a mlombwa okongola kwabasi, koma amene anagwira ntchitoyo sanayang'ane n'komwe khoma lomwe mabawutiwo ankagwira.

Pulatifomu yomwe ndikunenayi ndi kathandala komangidwa kumbuyo kwa boti, pafupi ndi madzi, pamene osambira amatsikira ndi kukwererapo. Khoma lakumbuyo lomwe kamagwirako amisiri a maboti amalitchula kuti transom. Pa maboti ambiri a faiba, khomali ndi pulayiwudi yochindikala yokutidwa ndi faiba kunja ndi mkati. Kunja limatha kuwala ngati mbale yatsopano pamene mkati mwake mwasanduka phala. Ntchito yonse yosintha pulatifomu yagona pa khomali ndi mabowo omwe muboolepo. Matabwa ndi mbali yosavuta.

Tiwerengere pang'ono kuti muone chifukwa chake. Munthu wolemera makilogalamu 90 akaima kumapeto kwa pulatifomu yotuluka masentimita 50 kuchokera pakhoma, ndipo mabawuti apamwamba ndi apansi pa bulaketi, chitsulo chomwe chimagwiriziza pulatifomu kukhoma, atalikirana masentimita 25, mabawuti apamwambawo amakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 180. Apo munthuyo wangoima chabe. Akadumpha, kapena akakhala awiri, kapena funde la mwera likamenya pulatifomu chapansi, mphamvuyo imaposa pamenepo kutali. Mabawuti anayi kapena asanu ndi limodzi ndiwo amasenza zonsezi tsiku ndi tsiku.

Boti lisanatuluke m'madzi

Musathamangire kukokera boti kumtunda. Likadali m'madzi, mafuta ali odzaza ndipo anthu awiri kapena atatu akhala chakumbuyo, lembani pa transom pomwe madzi afika. Kachidutswa ka tepi yomata n'kokwanira. Muyeze kuchokera pa mzerewo kufika pansi pa pulatifomu yakaleyo, mulembe pa pepala. Ngati yakaleyo inkamira poyamba kuthamanga, kapena inkawomba madzi boti likaima pa mafunde, inali yotsika kwambiri ndipo yatsopanoyo iyenera kukwera pang'ono. Pa maboti ang'onoang'ono ine ndimafuna mpata wa masentimita 15 kapena 20 pamwamba pa madzi boti litanyamula katundu wake.

Kenaka pendeketsani injini mpaka kumapeto, muikhotetsere kumanja ndi kumanzere, muone pomwe ikuyandikira pulatifomu. Jambulani ndi foni mbali zonse, ndi mkati momwe muli manati. Mukatero litulutseni, muliike pa ngolo yake kapena pa mitengo yolimba pamthunzi, mutsegule pulagi yotayira madzi, muchotse waya wa batire. Ngati thanki ya petulo ili pafupi ndi pomwe mugwire ntchito, ichotseni kaye, chifukwa mwina mudzafunika kudula chitsulo ndipo pamathetheka moto.

Kuchotsa yakale

Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina kunja atagwira mutu wa bawuti, wina mkati ndi sipanala. Ikani mgolo kapena mabenchi pansi pa pulatifomu musanamasule chilichonse. Matabwa omwa madzi amalemera kuposa momwe amaonekera, ndipo bawuti lomaliza likatsala lokha limang'amba faiba. Yambani ndi makwerero, kenaka mabawuti apansi, apamwamba pomaliza. Nati ikakana, ithireni mafuta omasulira dzimbiri muisiye usiku wonse. Ikakanabe, iduleni ndi sowo yachitsulo. Musaiumirize ndi paipi yaitali, mungokulitsa bowo.

Mabulaketi nthawi zambiri amakhala atamatidwa ndi guluu wakale. Musawatukule ndi chitsulo chozulira misomali, chifukwa amachoka ndi khungu la boti lomwe. Lowetsani kampeni kopyapyala pang'onopang'ono, kapena dutsitsani waya wowonda kuseri kwake muzikoka uku ndi uku ngati mukucheka sopo. Pulatifomu yakaleyo musaitaye kapena kuisandutsa nkhuni msanga. Ndiyo ikuuzeni kupindika kwa khoma ndi malo a mabowo.

Khoma lija

Apa ndiye musafulumire ngakhale mwini boti akukuimbirani foni kuti alendo akubwera Loweruka. Tengani msomali muupinde nsonga ngati mbedza, muulowetse m'bowo lililonse n'kukanda thabwa lamkati. Thabwa labwino limakana, ndipo tizidutswa totuluka timakhala touma, toyererako. Lowola limatuluka lakuda, lonyowa, lofewa ngati gaga woviika. Linunkhizeni, mphuno sinama. Kenaka tengani chogwirira cha sikuludiraiva kapena kanyundo kakang'ono, mugogode khoma lonse kuyambira pamwamba kutsika, mpata wa zala zinayi zinayi. Pabwino pamalira mokweza, ngo ngo ngo. Pomwe faiba yalekana ndi thabwa pamalira mogonthera, ngati mukumenya dzungu. Lembani ndi pensulo malo onse ogontherawo kuti muone kukula kwake.

Pali kuyesa kwina komwe sindikusiya. Pendeketsani injini m'mwamba, mnzanu atsamire mwendo wake ndi thupi lonse n'kumaukankhira pansi, inu muziyang'ana khoma chapambali. Likamapuma, kutanthauza kumalowa ndi kutuluka, kapena mukaona ting'alu m'makona pomwe khoma lakumana ndi mbali za boti, siyani nkhani ya pulatifomu. Transom yonse ikufunika kusinthidwa, ndipo imeneyo ndi ntchito ina yaikulu. Khoma lomwelo ndi lomwe lanyamula injini. Ndikudziwa kuti mawu amenewa amawawa kwa munthu amene boti lake ndilo limadyetsa ana, koma ine sindimanga pulatifomu pa khoma lotere ngakhale andilipire kawiri.

Ngati kuwolako kwangozungulira mabowo, masentimita awiri kapena atatu, n'kochizika. Kulitsani bowo mpaka mufike pa thabwa loyera, mukokole zofewa zonse ndi msomali wopinda uja mutaumanga pa dirilo. Kenaka liume. Kuuma kumeneku kumatenga masiku, nthawi zina masabata awiri kapena atatu. N'chifukwa chake ntchitoyi imayenda bwino mu Seputembala, Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala mvula isanagwe. M'dzinja mpweya wa kunyanja umakhala wachinyontho ndipo thabwa siliuma msanga. Kuti mudziwe ngati lauma, matani kapulasitiki koonekera pabowo m'mawa, muzinge ndi tepi mbali zonse. Madzulo mukapeza thukuta mkati mwa pulasitikiyo, dikiranibe. Epoxy, guluu wamphamvu wopangidwa posakaniza mankhwala awiri yemwe mudzatsekere mabowowa, ikathiridwa pa thabwa lonyowa imangotsekera madzi mkati, kuwola n'kumapitirira mwakachetechete.

Mupangira chiyani yatsopano

Pamene khoma likuuma, konzani pulatifomu. Kunja maboti ambiri amagwiritsa ntchito teak, mtengo wamafuta wosawola msanga, koma kuno ndi wosowa ndi wodula. Mlombwa ndi umene ndimaukhulupirira. Sufufuma kapena kufota kwambiri ukanyowa ndi kuuma, chiswe sichiukonda, ndipo makolo athu ankasemera mabwato. Mutenge wamkati wofiirira, osati woyera wam'mbali, ndipo ukhale wouma bwino. Mbawa imagwiranso ntchito koma imafuna kupakidwa mafuta pafupipafupi. Paini amawola msanga, bulugamu amapindika ndi kung'aluka padzuwa. Mkungudza wa ku Mulanje unkapangira maboti kale chifukwa chosawola, koma mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo wina akakubweretserani matabwa ake mukane. Ngakhale mlombwa womwewo, gulani kwa munthu amene ali ndi mapepala a nthambi ya zankhalango.

Ine ndimakonda pulatifomu ya timatabwa totalikirana kuposa ya thabwa limodzi lotseka. Funde likabwera chapansi limadutsa m'mipata m'malo monyamula pulatifomu yonse, ndipo mapazi saterereka. Timatabwato tikhale tochindikala mamilimita 25 mpaka 30, mulifupi mamilimita 45 kapena 50, mipata yake mamilimita 10 mpaka 12. Mpata ukaposa apo chala cha mwendo wa mwana chimalowa. Pakati pa timatabwa muziika tizidutswa ta mtengo womwewo, timatidwe ndi epoxy, pamalo pomwe padutse mabulaketi ndi m'mapeto. Makona onse akhale obulungira, m'mphepete monse mupalidwe ndi msasa mpaka dzanja lizidutsa osakodwa. Munthu wotuluka m'madzi khungu lake limakhala lofewa ndipo amakwera ndi mimba ndi mawondo.

Amene akufuna ya thabwa limodzi agwiritse ntchito pulayiwudi ya maboti, yomwe imakhala ndi chidindo cha BS 1088, yochindikala mamilimita 18 kapena mapisi awiri omatikiza, ikutidwe ndi faiba mbali zonse, makamaka m'mphepete momwe madzi amalowera. Dziwani kuti faiba ya mat, yaubweya ija, inapangidwira guluu wina wotchedwa polyester resin ndipo yambiri siinyowa bwino ndi epoxy. Ngati mukugwiritsa ntchito epoxy tengani faiba yolukidwa ngati nsalu. Epoxy imaphwanyika ndi dzuwa, choncho pamwamba pake papite penti. Penti wachiwiri akadali wauwisi wazanipo mchenga wosefa, wotsuka ndi wouma, akauma musese wotsala n'kupakanso kamodzi. Muboolenso mipata ingapo yotulutsira madzi. Palinso mapulasitiki ochindikala monga King StarBoard, omwe sawola konse, koma guluu sagwirapo, amafutukuka padzuwa, ndipo amawerama ngati mabulaketi atalikirana.

Kupindika kwa khoma mukutenge ndi katoni. Dulani katoni yaikulu, muigunditse pa transom pa mzere womwe pulatifomu idzakhale, muzichepetsa ndi sizasi mpaka igone bwinobwino. Siyani kampata ka mamilimita 5 mpaka 10 pakati pa thabwa ndi khoma kuti madzi ndi mchenga zizitsika. Katoni yomweyo muiyese ndi injini, mwaipendeketsa ndi kuikhotetsa, musanadule thabwa ngakhale limodzi.

Pa matabwa a mlombwa musapake vanishi pamwamba pomwe anthu amaponda. Amaterera akanyowa ndipo dzuwa la ku Mangochi limamusenda m'miyezi yochepa. Mafuta a matabwa ndi okwanira.

Zitsulo

Mabulaketi akale muwatsuke muwayang'ane m'mowotcherera. Mukaona kamzere kadzimbiri kotsatira pomwe anawotcherera, pali mng'alu, asintheni. Atsopano akhale a stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, ndipo wowotcherera agwiritse ntchito ndodo za stainless zomwezo. Ambiri amawotcherera ndi ndodo wamba, pakapita miyezi itatu dzimbiri n'kumatsika pakhoma ngati misozi. Bulaketi ikhale ya makona atatu, mwendo wake wapakhoma utalike momwe malo angalolere, chifukwa mabawuti akatalikirana kwambiri mphamvu yokoka ija imachepa. Pa pulatifomu ya mbali imodzi ya injini mabulaketi awiri akwana. Yodutsa khoma lonse ikufuna atatu kapena anayi.

Mabawuti akhale a M8 kapena M10, kutanthauza onenepa mamilimita 8 kapena 10. Yang'anani pamutu pake. Olembedwa A4 ndi stainless ya 316, olembedwa A2 ndi ya 304. M'madzi opanda mchere ngati a nyanja yathu A2 amapirira, koma ngati A4 apezeka tengani amenewo, ndipo kwa amene boti lake limayenda kunyanja yamchere monga ku Beira kapena ku Pemba, A4 yekha basi. Stainless imadyeka mobisika pamalo onyowa opanda mpweya, ngati mkati mwa thabwa lonyowa, n'chifukwa chake mabawuti akale musawabwezeretse ngakhale mitu yake ikuwala. Masikuluwu ongolowa m'thabwa osatulukira kuseri asapezeke pa ntchito imeneyi. Bawuti lililonse lidutse khoma lonse.

Mkati muike mapuleti. Washa yaing'ono imamira mu faiba ikakokedwa. Puleti ya stainless yochindikala mamilimita 4 kapena 5, kapena ya aluminiyamu ya mamilimita 6, yokwira mabawuti onse a bulaketi imodzi, imagawa mphamvu pamalo aakulu. Makona ake muwabulungize. Ngati ndi aluminiyamu, pakani mabawuti mankhwala olekanitsa zitsulo monga Tef-Gel kapena Duralac, chifukwa zitsulo ziwirizi zikakhudzana pachinyontho aluminiyamu imadyeka n'kusanduka ufa woyera. Mkati mwa boti faiba imakhala ya mabampu, choncho pakani epoxy yolimbitsa kuseri kwa puleti kuti igone paliponse.

Kuboola kawiri

Iyi ndi mbali yomwe amisiri ambiri amaidumpha, ndipo ndi yomwe inawoletsa boti la mnyamata uja. Bowo lililonse libooledwe kawiri. Poyamba boolani lalikulu, mamilimita 16 kapena 18 ngati bawuti ndi la 10. Pukutani fumbi, tsekani mbali yamkati ndi tepi. Sakanizani epoxy motsatira muyezo wolembedwa pachitini, chifukwa ina ndi 5 kwa 1, ina 2 kwa 1, ndipo kuwonjezera hardener, mankhwala oumitsa, sikufulumizitsa kuuma, kumangoiwononga. Yambani mwapaka yamadzimadzi mkati mwa bowo kuti thabwa limwe. Yotsalayo muilimbitse ndi ufa wake wogula, kapena tizidutswa ta faiba todula bwino, mpaka ifanane ndi chiponde. Idzazeni m'bowo ndi sirinji yaikulu kuyambira kumapeto kubwerera kunja kuti musatsale mpweya, mutsekenso ndi tepi. Mabowo akale omwe simuwagwiritsanso ntchito muwatseke chimodzimodzi.

Kutentha kwa Okutobala kumaumitsa epoxy mofulumira kwambiri. Ikakhala yambiri m'kapu imatentha yokha, imafuka utsi, n'kuuma muli chigwirire. Sakanizani pang'onopang'ono, m'mamawa, pamthunzi. Valani magolovesi. Ikakugwerani pakhungu musambe ndi sopo, osati acetone, mankhwala otsukira faiba ndi zitsulo.

Mawa lake, epoxy itauma gwa, boolani bowo lenileni la bawuti pakati pake. Tsopano bawuti likudutsa mu epoxy yokhayokha, ndipo ngakhale madzi atalowa tsiku lina sakumana ndi thabwa. Pakamwa pa bowo, kunja, palani pang'ono mozungulira ndi nsonga ya dirilo yaikulu kuti pakhale kambale. M'kambale kameneko ndi momwe guluu wotsekera madzi adzakhale ngati mphete. Musanaboole yang'anani mkati kuti nsonga isakaboole paipi ya mafuta, mawaya kapena nthiti ya boti.

Kumanga

Mangani kaye zonse popanda guluu. Ikani pulatifomu pa mabenchi, lowetsani mabawuti, muone ngati ili yowongoka. Musadalire levulo yokha, chifukwa boti pa ngolo silikhala momwe limakhalira m'madzi. Yezani kuchokera pa mzere wa madzi uja, mbali zonse ziwiri zifanane. Kumapeto kwake kukhale kotsikirako pang'ono kwambiri, kapena kofanana, kuti madzi asamathamangire kukhoma. Zikakhala bwino zungulizani tepi m'mbali mwa mabulaketi, mumasule zonse, mupukute khoma ndi zitsulo ndi acetone.

Silikoni wa mabafa asayandikire apa. Sagwira bwino pa faiba ndipo amasiya mafuta omwe amalepheretsa china chilichonse kudzagwira mtsogolo. Tengani guluu wa maboti, Sikaflex 291 kapena 3M 4200. Pali 3M 5200 yomwe anthu amaitama kuti ndi yamphamvu, ndipo ndi yamphamvudi, koma wodzamasula pulatifomuyo zaka zikubwerazi adzang'amba nayo khoma. Pakani kuseri kwa bulaketi, mozungulira bowo lililonse, ndi pakhosi pa bawuti. Mkati, kumbali ya nati, musatseke ndi guluu. Ngati madzi adzalowe, ndi bwino adonthere mkati muwaone.

Pomanga, wakunja agwire mutu wa bawuti osautembenuza, wamkati ndiye azizunguza nati. Bawuti likazungulira limapukuta guluu m'bowo. Manati akhale a nayiloni mkati, osamasuka ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo pa mazinga pakani kamafuta. Stainless ikamangidwa youma ndi mothamanga imagwirana yokha pakati panjira, osapita kutsogolo kapena kubwerera, mpaka kudula. Mangani ndi dzanja, mosinthanasinthana, mpaka guluu atuluke mbali zonse ndipo bulaketi yagona. Musafinye mpaka faiba kulira. Pukutani wotuluka, chotsani tepi akadali wauwisi, ndipo boti likhale kumtunda masiku omwe alembedwa pa chubu, kawirikawiri awiri kapena atatu.

Makwerero amangidwe ndi mabawuti odutsa, ndi puleti pansi pake, pafupi ndi bulaketi, kumbali yotalikira pulopela. Akhale otheka kuwatsitsa munthu ali m'madzi yekha, popanda womuthandiza m'boti. Muyezo wa ABYC, bungwe la ku America loona miyezo ya maboti, umati sitepe yotsiriza ikhale mainchesi osachepera 22 pansi pa madzi, omwe ndi pafupifupi masentimita 56. Makwerero aafupi amakakamiza munthu wotopa kukweza bondo mpaka pachifuwa, ndipo agogo kapena munthu wonenepa sangathe. Pakhalenso chogwirira pakhoma chomwe dzanja lingafikire.

Zinyalala za ntchitoyi, fumbi la faiba, makapu a epoxy, nsanza za acetone, musazisesere kunyanja. Gombe la Chembe lazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'ndandanda wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, ndipo madzi omwewo ndi omwe amayi amatunga. Yalani lona pansi musanayambe kupala.

Kuyesa

Boti likadali kumtunda, anthu awiri akuluakulu aime kumapeto kwa pulatifomu azidzigwedeza, wina ali mkati ndi tochi akuyang'ana mapuleti. Pasakhale kulira kapena kusuntha kulikonse. Mukaliika m'madzi yendani pang'onopang'ono, kenaka mothamanga, kenaka chobwerera m'mbuyo, muone ngati pulatifomu ikukumba madzi. Mukabwerako pisani dzanja pansi pa nati iliyonse. Pakhale pouma. Pakatha mwezi muyesenso manati onse ndi sipanala, mutu wa bawuti utagwiridwa, chifukwa matabwa ndi guluu zimakhazikika.

Woyendetsa boti mumuuze mawu awa pomupatsa makiyi. Munthu akakhala pa pulatifomu kapena m'madzi pafupi nayo, injini izikhala yozimitsa, osati kungoichotsa m'giya. Kupatula pulopela, utsi wa injini uli ndi mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, womwe umaunjikana kumbuyo kwa boti ndi pansi pa pulatifomu. Ku Lake Powell ku America, m'chaka cha 2000, ana awiri apachibale anamwalira chifukwa cha mpweya umenewu akusambira kumbuyo kwa houseboat, boti lomangidwa ngati nyumba, jenereta ikulira, ndipo maboti otere ndi ambiri ku Kariba. Mwana akatuluka m'madzi n'kumadandaula mutu kapena chizungulire, mupititseni kutsogolo kwa boti kumphepo, muzimitse chilichonse chomwe chikulira, ndipo mubwerere naye kumtunda akaonedwe kuchipatala.